Chiuno cha Tua Tagovailoa: Momwe Matimu a ku America Anagulira Wosewera Fupa Lisanapole

Kunatsala mphindi ngati zitatu kuti osewera akapume. Linali Loweruka pa 16 Novembala 2019 m'tauni ya Starkville ku Mississippi, ndipo timu ya mpira wa ku America ya yunivesite ya Alabama inali ikutsogola ndi mapointi 35 kwa 7. Opambana anali atadziwika kale. Tua Tagovailoa, mnyamata wazaka 21 amene amaponyera anzake mpira, anathawira kumanzere akusaka woti amupatsire, ndipo atangoutaya mpirawo osewera awiri a Mississippi State anamugwera kumsana. Anafikira bondo lakumanja, anthu awiriwo ali pamwamba pake. Chipewa chake chodzitetezera chinavuka, mphuno inathyoka n'kuyamba kutuluka magazi, koma chimene chinamulepheretsa kudzuka chinali chiuno. Fupa la ntchafu linali litaguluka m'malo mwake, ndipo potuluka linabenthula khoma lakumbuyo la kabowo kamene limakhalamo.

Mphunzitsi wake, Nick Saban, anafotokoza tsiku lomwelo kuti amafuna kumutulutsa akangomaliza gawo limenelo, ndipo anamusiyamo kuti ayeserere kusewera mothamangitsana ndi nthawi. Anthu akutsutsanabe mpaka lero ngati chinali chanzeru, poganizira kuti mnyamatayo anali atachitidwa opaleshoni ya kakolo mwezi umodzi wokha m'mbuyomo. Koma nkhani yaikulu inali patsogolo. Panatsala miyezi isanu kuti matimu a ligi yaikulu ya NFL asankhe osewera atsopano, ndipo kwa chaka chathunthu ambiri amanena kuti woyamba kutchulidwa adzakhala iyeyu.

Kwa amene anazolowera mpira wamiyendo, pafunika kulongosola pang'ono. Mu mpira wa ku America muli wosewera mmodzi amene pafupifupi chilichonse chimadutsira m'manja mwake. Amamutcha quarterback. Iyeyu ndi amene amalandira mpira poyamba, amawerenga momwe adani aimira, kenako n'kusankha pa masekondi awiri kapena atatu kuti auponyere kwa ndani, uku zimphona zolemera makilogalamu opitirira 120 zikumuthamangira kuti zimugwetse. Timu ikhoza kukhala ndi osewera abwino malo ena onse, koma ikasowa munthu woyenera pamenepa sipita patali. Ndiye chifukwa chake matimu amalolera kutaya chuma ndi zaka pofuna kumupeza.

Chinanso n'chakuti mpira wa m'mayunivesite kumeneko si masewera a ana asukulu monga dzinalo likumvekera. Bwalo la Alabama ku Tuscaloosa mumalowa anthu opitirira 100,000, masewero amaulutsidwa pa wailesi za kanema dziko lonse, ndipo aphunzitsi amalandira mamiliyoni a madola. Komabe mu 2019 osewerawo samalandira malipiro. Amangolipiriridwa sukulu, chakudya ndi pogona, ndipo lamulo lowalola kupanga ndalama ndi dzina lawo linabwera mu 2021. Wosewera saloledwanso kulowa NFL zisanathe zaka zitatu chimalizireni sekondale. Choncho Tua anavulala akusewera ulere, m'chaka chake chachitatu, miyezi yochepa chabe khomo la ndalama lisanatseguke.

Mnyamatayu anakulira ku Ewa Beach ku Hawaii, m'banja la Chisamoa. Zinthu zina zonse amachita ndi dzanja lamanja, koma bambo ake anamuphunzitsa kuponya ndi lamanzere ali wamng'ono. Dziko linamudziwa usiku wa pa 8 Januwale 2018, pa ndime yomaliza yolimbirana ukatswiri wa mayunivesite. Alabama inapita kokapuma ikugonja 13 kwa 0 kwa Georgia, Saban n'kutulutsa Jalen Hurts, quarterback amene anayamba masewerowo, kulowetsa Tua, mwana wa chaka choyamba. Masewero anafika m'nthawi yowonjezera, ndipo Tua anaponya mpira mtunda wa mayadi 41 kwa DeVonta Smith, Alabama n'kupambana 26 kwa 23. Pa zaka zitatu zimene anasewera, mipira 87 imene anaponya inabala zigoli, ndipo 11 yokha ndi imene adani anamulanda. Za luso lake panalibe wokayika. Chimene chimakayikitsa chinali thupi: kakolo wakumanzere anachitidwa opaleshoni mu Disembala 2018, wakumanja mu Okutobala 2019, ndipo tsopano chiuno.

Kuti timvetse chifukwa chake madokotala anada nkhawa, tiyang'ane kapangidwe ka malowa. Ganizirani munsi m'kati mwa mtondo. Nsonga ya fupa la ntchafu ndi yobulungira, ndipo imalowa m'kabowo kakuya ka fupa la chiuno, momangidwa ndi mitsempha yolimba komanso minofu ikuluikulu. Phewa limaguluka msanga chifukwa kabowo kake n'kosaya, koma chiuno sichigulukira zinthu zazing'ono. Madokotala amakumana ndi vutoli kawirikawiri pa ngozi zapamsewu, pamene munthu wakhala pampando bondo lili chopinda, galimoto n'kuwomba chinthu, bondo n'kumenyetseka kutsogolo, mphamvu yonse n'kukwera ndi ntchafu mpaka kukankhira fupa kumbuyo. Pafupifupi anthu asanu ndi anayi mwa khumi aliwonse amene chiuno chawaguluka, fupa limatulukira kumbuyo chotere. Zimene zinachitikira Tua n'zomwezo, kungoti m'malo mwa galimoto panali nthaka ndi kulemera kwa anthu awiri.

Kuthyoka kwa khoma la kabowoko kuli ndi mankhwala ake. Dokotala amabwezera zidutswa m'malo mwake n'kuzimanga ndi zitsulo, ndipo fupa limalumikizana pa miyezi ingapo. Chinthu choopsa kwenikweni sichioneka tsiku la ngozi. Nsonga yobulungira ija imalandira magazi kudzera m'timitsempha tochepa timene timakwera m'khosi mwa fupalo. Fupa likaguluka, timitsemphati timakokeka, kupindika kapena kuduka. Magazi akasiya kufika, fupa limayamba kufa pang'onopang'ono, kenako limafumbutuka n'kuphwatalala, ngati mzati wodyedwa ndi chiswe umene kunja ukuoneka wabwinobwino. Achipatala amatcha vutoli avascular necrosis. Zikafika apa, chotsalira n'kuika chiuno chachitsulo, ndipo mpira wogundana ngati uwu umathera pomwepo.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuzigwira bwino apa. Choyamba ndi nthawi: fupa likabwezeredwa m'malo mwake msanga, makamaka maola asanu ndi limodzi asanathe, mwayi woti lipulumuke umakula kwambiri. Apa Tua anachita mwayi, chifukwa madokotala a timu analibwezera ali pabwalo pomwepo, asanamutengere pa helikopita ku Birmingham. Chachiwiri n'chimene chinazunguza matimu: kufa kwa fupaku kumatha kubisala kwa miyezi yambiri, mwinanso zaka ziwiri, kusanaonekere bwino pa zithunzi za m'kati mwa thupi. Kuwonjezera apo, kamnofu koterera kamene kamakuta mafupa pamolumikizirana kakaphwanyika sikameranso bwino, ndipo nyamakazi imatha kudzabwera patapita zaka. Ndiye kuti matimu amayenera kugamula mu Epulo nkhani imene fupa lenilenilo likanadzaigamula chaka chamawa kapena chinacho.

Dzina limene linali pakamwa pa aliyense sabata imeneyo linali la Bo Jackson. Uyu anali katswiri wa Auburn, adani enieni a Alabama, ndipo amasewera mpira wa ku America ndi baseball pa mlingo wapamwamba nthawi imodzi. Pa 13 Januwale 1991, akusewerera Raiders polimbana ndi Cincinnati Bengals, anagwetsedwa n'kuvulala chiuno. Poonera sizinaoneke zoopsa. Koma fupa linafa, mu 1992 anamuika chiuno chochita kupanga, ndipo ngakhale anabwereranso ku baseball, mu NFL sanaseweremonso. Chitsanzo china chaposachedwa chinali Dennis Pitta wa Baltimore Ravens, amene chiuno chinamuguluka mu 2013, n'kugulukanso mu 2014. Anabwerera n'kusewera bwino zedi mu 2016, koma chitaguluka kachitatu mu 2017 anasiya mpira. Kuyerekeza Tua ndi Bo Jackson kunali kokokomeza, chifukwa zaka pafupifupi 30 zinali zitadutsa ndipo chithandizo chinali chitasintha, koma mantha a anthu safunsa zimenezo.

Patapita masiku awiri chivulalireni, pa 18 Novembala, Tua anachitidwa opaleshoni ku Houston ndi Dr. Chip Routt, katswiri wa mafupa a chiuno othyoka pa ngozi. Dokotala wa timu ya Alabama, Dr. Lyle Cain, analengeza kuti zayenda bwino ndipo akuyembekeza kuti mnyamatayo achira kwathunthu. Panatsatira masabata oyendera ndodo, mwendowo osaulemetsa, kenako kulimbitsa minofu pang'onopang'ono, kuthamanga, ndipo pomalizira pake kuponya. Pali kanthu kena kamene osatsatira masewerowa sangakaganizire: woponya ndi manzere amaponda kutsogolo ndi mwendo wakumanja, ndipo thupi lonse limazungulira pa chiuno chimenecho mpira ukamachoka m'manja. Mbali yovulalayo ndi imene imayenera kulandira kulemera kwake konse nthawi iliyonse akaponya.

Anali ndi ufulu wobwerera ku Alabama chaka chimodzi china kuti akaonetse kuti wachira. Ena anamulangiza zimenezo. Koma kubwerera kukanatanthauza kuikanso chiuno chomwecho pa ngozi popanda malipiro, ndipo akanati avulalenso, mtengo wake ukanagweratu. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pa 6 Januwale 2020 analengeza kuti akulowa m'gulu la osankhidwa.

Kasankhidwe kameneka, kamene amakatcha draft, n'kosiyana kotheratu ndi kugulana osewera kumene timakuona ku Ulaya. Wosewera sasankha timu. Matimu 32 amasankha mosinthana m'magawo asanu ndi awiri, ndipo timu imene inachita moipa kwambiri chaka chathacho ndi imene imayamba. Kuyambira 2011 malipiro a osewera atsopano amatengera nambala imene munthu watchulidwira, moti kutsika malo ochepa chabe n'kutaya mamiliyoni. Mu 2020 wosankhidwa woyamba analandira kontirakiti ya zaka zinayi ya madola pafupifupi 36 miliyoni, wachisanu pafupifupi 30 miliyoni, pamene wa nambala 32 analandira pafupifupi 11 miliyoni. Kwa Tua, funso la ngati magazi akufika ku nsonga ya fupa linali funso la madola mamiliyoni makumi awiri.

Dongosolo loyambitsa ogonjali lili ndi chibwana chake: limapatsa matimu ofooka chifukwa chofunira kugonja. M'chaka cha 2019 otsatira mpira anapeka mawu akuti "Tank for Tua", kutanthauza kuluza dala kuti udzapeze Tua, ndipo timu imene imalozedwa chala kwambiri inali Miami Dolphins. Iwo anagulitsa akatswiri awo monga Laremy Tunsil ndi Minkah Fitzpatrick posinthanitsa ndi mwayi wodzasankha, anagonja 59 kwa 10 pa masewero oyamba, ndipo anagonja masewero asanu ndi awiri otsatizana. Kenako osewerawo, amene sadya kanthu pa kugonja, anayamba kupambana. Anamaliza chaka atapambana kasanu n'kugonja ka 11, ndipo m'malo mokhala oyamba kusankha anakhala achisanu. Tua akanakhala wamphumphu, n'zokayikitsa kuti akanatsala mpaka nambala 5. Kuvulala kwake ndi kumene kunamutsitsira m'manja mwawo.

Panalinso china chimene chinamuchotsa pa nambala 1 ngakhale chiuno chisanavulale. Sabata imodzi ngoziyi isanachitike, timu ya yunivesite ya LSU inagonjetsa Alabama 46 kwa 41 kwawo komwe ku Tuscaloosa, ndipo quarterback wa LSU, Joe Burrow, anali pa chaka chimene sichinaonekepo. Anatenga mphoto ya Heisman, imene imapita kwa wosewera wopambana onse wa mpira wa m'mayunivesite, anaponya mipira 60 yobala zigoli, ndipo timu yake inapambana masewero onse 15. Pofika Januwale zinali zodziwikiratu kuti Cincinnati, imene inali yoyamba kusankha, itenga iyeyo. Mkangano weniweni unali pakati pa Tua ndi Justin Herbert wa yunivesite ya Oregon, chimnyamata chotalika masentimita 198, cha mkono wamphamvu ndi thupi losakayikitsa kwenikweni, pamene Tua anali wa masentimita 183 ndi mbiri ya opaleshoni zitatu pasanathe chaka.

Mu Febuluwale osewera onse oyembekezeka amasonkhana ku Indianapolis kukayezedwa liwiro, mphamvu ndi thanzi. Owonera pa kanema amakonda mpikisano wothamanga, koma kwa matimu chofunika kwambiri ndi zimene zimachitika m'zipinda za madokotala. Tua sanathamange kapena kuponya kumeneko. Anakhala maola ambiri akupimidwa, kujambulidwa ndi kupindidwa mwendo uku ndi uku. Zotsatira zinali zolimbikitsa, fupa linali likulumikizana bwino, ndipo dongosolo linali loti mu Epulo adzaponye pamaso pa matimu onse, kenako matimu omufuna amuitanire kwawo kuti madokotala awo amuone ndi manja awo.

Kenako kunagwa mliri wa Covid-19. Mu Malichi NFL inaletsa maulendo onse oterewa. Matimu anatsala ndi zithunzi za m'chipatala, lipoti la dokotala wapadera amene anamupimanso ku Nashville kumayambiriro kwa Epulo, ndi kanema amene Tua anajambulitsa akuponya mipira motsogozedwa ndi Trent Dilfer, amene kale anali quarterback mu NFL. Kanemayo anatumizidwa ku matimu onse 32. Koma kanema wojambulidwa ndi mbali ya wogulitsa ali ndi malire ake. Amaonetsa kuti munthu akutha kuyenda ndi kuponya, saonetsa chimene chingachitike chimphona chikamugwera pa bondo lomwe lija. Palibe amene amagula ng'ombe poiona pa foni yokha, koma chaka chimenecho matimu sakanachitira mwina.

Apa ndi pamene mbiri ya Miami yomwe inalowerera, ndipo kwa ine ili ndi gawo lokoma kwambiri la nkhaniyi. Mu 2006 timu yomweyi imafuna quarterback, ndipo panali awiri ovulala oti isankhepo: Drew Brees, amene anali atang'ambika phewa la dzanja loponyera, ndi Daunte Culpepper, amene anali ataphwanyika bondo. Madokotala a timu anaopa phewa la Brees, ndipo Miami inatenga Culpepper. Culpepper anasewera masewero anayi okha. Brees anapita ku New Orleans, anapambana Super Bowl, ndime yomaliza yolimbirana ukatswiri wa NFL, mu Febuluwale 2010, n'kuseweranso zaka zina khumi zoposerapo. Mphunzitsi wa Miami pa nthawiyo anali Nick Saban yemweyu, amene anachoka mu Januwale 2007 kupita ku Alabama, kumene patapita zaka khumi anakalandira mnyamata wochokera ku Hawaii. Otsatira Miami anali atakhala zaka makumi awiri akusaka wolowa m'malo mwa Dan Marino, quarterback wawo wotchuka wakale, ndipo samaiwala kuti nthawi ina anamutaya chifukwa choopa chipsera cha opaleshoni. Phunzirolo likhoza kusocheretsa, chifukwa phewa la Brees silinena kanthu za chiuno cha munthu wina, koma oyendetsa matimu nawonso ndi anthu, ndipo bala lakale limawatsogolera.

Mwambo wosankha unayenera kuchitikira ku Las Vegas, koma unachitikira pa intaneti, mkulu wa ligi Roger Goodell akuwerenga maina ali m'chipinda chapansi kunyumba kwake ku New York. Usiku wa pa 23 Epulo 2020 Cincinnati inatenga Burrow. Washington, Detroit ndi New York Giants anatenga osewera a malo ena. Pa nambala 5 Miami inatchula Tua Tagovailoa, ndipo mphindi zochepa pambuyo pake Los Angeles Chargers inatenga Herbert pa nambala 6. Nambala 13 imene amavala ku Alabama sakanaivala ku Miami chifukwa inapumitsidwa polemekeza Marino, choncho anatenga nambala 1.

Zimene zinatsatira sizinagwirizane ndi mantha a aliyense. Tua anayamba kusewera mu Okutobala 2020, chaka chisanathe chivulalireni, ndipo pa 1 Novembala anakhala quarterback woyambira masewero kwa nthawi yoyamba, m'malo mwa Ryan Fitzpatrick. Zaka ziwiri zowopedwa zija zinadutsa fupa lili lamoyo. Amene anatuluka m'bwalo atanyamulidwa chaka chimenecho anali Burrow, uja anasankhidwa wopanda chilema, amene anaduka mitsempha ya bondo mu Novembala. Herbert anatenga mphoto ya wosewera watsopano wopambana onse kumbali yogoletsa, ndipo kwa zaka zingapo otsatira Miami amafunsana ngati sanalakwitse, koma tsopano funso linali la mkono ndi luso, osati la chiuno.

Vuto lenileni linabwerera kwina. M'malipoti a tsiku lija ku Starkville munalinso mawu akuti ubongo wake unagwedezeka pamene anamenyetsa mutu pansi, koma palibe amene anawalabadira chifukwa maso onse anali pa chiuno. Pa 29 Seputembala 2022 ku Cincinnati anagwetsedwa chagada, mutu n'kumenya pansi, zala zake n'kuuma zitapindika pamaso pa mamiliyoni owonera. Izi zinachitika patangopita masiku anayi chidzandirireni pa masewero ena atamenyetsanso mutu, ndipo mkangano umene unabuka unachititsa ligi kukhwimitsa malamulo ake okhudza kuvulala m'mutu mwezi wotsatira. Pa Khirisimasi chaka chomwecho anavulalanso m'mutu, ndipo pambuyo pake anavomera kuti anaganizirapo zosiya mpira.

Sanasiye. Mu 2023 anasewera masewero onse 17 ndipo anaposa aliyense mu ligi pa mtunda wa mipira yoponya, mayadi 4,624. Mu Julayi 2024 Miami inamupatsa kontirakiti ya zaka zinayi ya madola 212.4 miliyoni. Pasanathe miyezi iwiri, pa masewero olimbana ndi Buffalo Bills, anagundanso mutu n'kukhala kunja masabata angapo, ndipo masewero awiri omaliza a chaka chimenecho anawaphonya chifukwa cha kupweteka kwa m'chiuno. Chaka chokhacho mwa zisanu zoyambirira chimene anamaliza osaphonya masewero chinali 2023 chija, chimene anachikonzekera mwa njira yachilendo kwa quarterback: miyezi yopuma anaithera pa mphasa ya jiu-jitsu, masewera ogwetsana, akuphunzira kagwedwe koti mutu usamayambe kufika pansi.